Ulendo Wokaona Mkono wa Wongani

Ine sindine woyenda. Ndimagona ku Kawale, ndimagwira ntchito pa bwalo la kiriketi, ndipo kwa zaka zambiri msewu wanga wakhala womwewo. Kumpoto ndinali ndisanapondeko mpaka pamene bwana Faruki anandituma kukaona mkono wa mwana wa eni.

Ntchito yanga ndi kutchetcha kapinga, kuthirira ndi kusalaza pakati pa bwalo. Madzulo anyamata akabwera kudzaphunzira, ndimavala magolovesi n'kunjuta kumbuyo kwa timitengo titatu, kuwakha mpira umene womenya wauphonya. Ndinayamba tsitsi likadali lakuda. Oponya ambiri adutsa m'maso mwangamu.

Bwana Faruki ali ndi sitolo ya malata ndi simenti ku Old Town, ndipo ndi iwo amasunga timu yathu. Anandiitanitsa kusitoloko n'kundionetsa foni. Munali mnyamata wamtali, woonda, akuthamanga pa bwalo la fumbi. Mpira sunaoneke n'komwe. Ndinangoona kamtengo kakuuluka.

"Mwaona, madala?"

"Ndaona kamtengo."

"Dzina lake Wongani. Ali pa koleji ya ntchito zamanja ku Mzuzu. Woponya wathu watha, inu mukudziwa. Ameneyu akakhala bwino ndimupatsa ntchito muno m'sitolo, chipinda kuseri, ndi malo mu timu. Chaka chamawa ndimutumiza kukayesedwa kunja."

"Wojambulayo anaima kutali. Mkono sukuoneka."

"N'chifukwa chake ndikutuma inu. Loweruka ali ndi masewero omaliza asanatsekere. Mukati eya, mubwere naye. Mukati ayi, mubwere nokha."

Pa kiriketi mkono ndiye nkhani. Woponya amazunguza mkono wonse uli chiwongokere, ngati sipoko ya njinga. Akapinda chigongono n'kuchiwongola potaya mpira, kumeneko si kuponya, n'kugenda, ndipo lamulo limakana. Wogenda amakhala ndi liwiro. Koma tsiku limene woweruza wamaso wamuona, zake zathera pomwepo.

Mawa lake ndinapita ku Area 10 kunyumba kwa bwana kukatenga mpira watsopano wachikopa ndi ya ulendo. Ndinadikira pageti, agalu akundinunkhiza kunsi kwa chitseko. Mlonda wawo ndi wa ku Mzimba. Anayang'ana malaya anga n'kuseka.

"Mukudutsa m'Chikangawa ndi zimenezi? Mukafika ku Mzuzu muli nsomba ya m'filiji."

Ndinatsikira ku Msika wa Tsoka n'kugula jekete ya kaunjika, yaikulu, ya munthu wina wonenepa wa kunja. Zipi inali yakufa. Wogulitsa anati zipi ndi ya mafashoni chabe.

Lachisanu ndinalawirira ku depoti. Ndisanasankhe basi, munthu anandigwira dzanja ndi manja ake awiri. Wamfupi, wa tayi ndi magalasi, nsapato zowala ngakhale pa fumbi la depoti.

"Ndinu a Mbewe? Ndine Kumwenda. Wongani ndi mwana wa mng'ono wanga, malemu. Ndimakhala ku Area 15, ndimagwira m'boma ku City Centre. A Faruki anandiuza kuti mukunyamuka lero, ndiye ndapempha tchuthi."

"Chifukwa?"

"Mlendo apite kwathu yekha ngati kulibe anthu? Matikiti ndadula kale, mipando yoyandikana."

Sizinandisangalatse. Ndinatulutsa ndalama kuti ndiwabwezere. Anagwira dzanja langa n'kulibwezera m'thumba langa lomwe, mwaulemu, anthu akuona. Ndinakhala pansi. Ndinaliona vuto, koma ndinaliyesa laling'ono.

Basi inkaoneka yodzaza. Titakhala, ena anayamba kutsika mmodzimmodzi. Anali anyamata a pa depoti, okhalira mipando kuti basi ikope anthu. Tinadikira. Analowa wolalikira, anatuluka. Analowa wogulitsa mankhwala a mano ndi a makoswe, chikwama chimodzi. Dzuwa litakwera, kondakitala analengeza kuti mtengo wakwera chifukwa dizilo agula wa pa chigubu, ndipo onse odula kale awonjezere.

Kumbuyo kwathu kunali mayi wina wa geni ya kaunjika, amene mabelo ake anadzaza theka la kunsi kwa basi. Ndiye anayankha.

"Iwe, dizilo wakwera ife tili momwemuno? Wakwerera pa windo?"

"Amayi, ngati zavuta tsikani, mabelo anuwo akunyamuleni."

"Usandiyankhe ngati unandibereka. Mutu ngati chigubu chomwecho."

Anthu anaseka, koma anawonjezera onse. Ine ndikuti ndipise m'thumba, a Kumwenda anali atapereka kale za anthu awiri.

Tinatuluka mu Old Town mokwawa. Mzere wa magalimoto odikira mafuta unali utadya theka la msewu, ndipo tinautsata mpaka cha ku Area 18. Kanengo, Lumbadzi, kenaka msewu unatseguka. Pa Mponela a Kumwenda anatulutsa mutu pa windo n'kugula kanyenya ndi chipisi. Anayala pa miyendo panga.

"Idyani, a kochi."

"Sindine kochi. Ndimatchetcha udzu."

"Odziwa zinthu amayankhula choncho."

Ndinadya. Njala inalipo. Iwo anayamba kufotokoza za mwanayo. Bambo ake anamwalira iye ali ku pulayimale. A Kumwenda ndiwo amulipirira sukulu mpaka pano. Akuphunzira zowotcherera, chatsala chaka chimodzi.

"Koma mutu wake suli ku zitsulo, a Mbewe. Mkono! Ali mwana ankagwetsa mango a kunsonga amene anzake alephera. Anyani a m'munda mwa amayi ake ankamudziwa ndi nkhope. Akangomuona, phiri lonse mbee."

Ndinasiya kutafuna.

"Kuponya anamuphunzitsa ndani?"

"Yekha. Kuonera pa foni. Za Mulungu zimenezo."

 Mwana wogenda anyani, wopanda womuongola. Ndinayang'ana panja mpaka Madisi.

Pa Kasungu tinataya nthawi yaitali kuseri kwa sitolo ina, anyamata akuthira zigubu zina kudzera m'botolo lodula. Pa Jenda apolisi anatitsitsa tonse kuti aone katundu. Mmodzi anapeza mpira m'chikwama changa, wofiira, wolimba, wosokedwa pakati. Anaugogoda ndi chala. Anaununkhiza.

"Ichi n'chiyani, bambo?"

"Mpira."

"Mpira wosadunda?"

"Asiyeni agogowo," anatero mayi wa mabelo. "Ndi chithumwa cha nyamakazi."

A Kumwenda sanakonde kuti ndisekedwe. Anakonza tayi n'kukweza mawu kuti basi yonse imve.

"Awa ndi mphunzitsi wamkulu wa masewero ku Lilongwe. Akukatenga mwana wathu kuti azikasewera kunja."

"Kukaona," ndinatero chapansipansi.

"Eya, kukaona n'kumutenga."

Wapolisi anandibwezera mpira ndi manja awiri. Mayi wa mabelo anandigulira nthochi, akuti mwanayo akadzatchuka ndidzamukumbukire.

Tinalowa m'Chikangawa dzuwa litapendeka. Kumene anthu amati kunali nkhalango ine ndinaonako zitsa ndi timitengo tatifupi ta paini. Pa chitunda china basi inayamba kutsokomola. Inagwedezeka, inaima, n'kuyamba kubwerera m'mbuyo. Amayi anakuwa. Kondakitala anadumpha n'kuponya mwala kunsi kwa tayala.

Dalaivala anatsegula injini, anayang'ana, analavula. Anati dizilo wa pa chigubu uja anali wosakaniza ndipo wapha pampu. Makaniko akuchokera ku Mzuzu, ali m'njira. Mawu akuti ali m'njira tinawamva mpaka dzuwa kulowa.

Chifunga chinabwera ngati utsi wa uvuni wa njerwa. Kuzizira kwake sindinakumvepo chibadwire. Ndinagwira jekete ndi manja pamene panayenera kugwira zipi. Mayi uja anaona mwayi. Anauza kondakitala kuti amutsitsire belo limodzi, analidula pamsewu pomwepo, n'kuyamba kuitanira. Majuzi anatha. Ngakhale kondakitala anagula, lachikazi, la maluwa pachifuwa.

"Wakongola, mlamu," anatero mayiyo. "Basi yako ife chonchi sabata iliyonse, ndimange nyumba."

A Kumwenda anatsegula chikwama n'kutulutsa bulangeti ndi fulasiki.

"Mayi a kunyumba anati ndikutengereni. Akuti anthu a ku Lilongwe amayesa kuzizira ndi kwa ku Dedza."

Ndinafuna kukana. Mano anga ankagundana. Ndinafunda, ndinamwa tiyi wawo.

Netiweki inkapezeka pa chulu chimodzi chokha, ndipo anthu ankakwerapo mosinthana. A Kumwenda anakhalitsapo. Chitumbuka sindimva, koma ndinamva dzina langa, dzina la Wongani, ndi mbuzi. Mbuzi ndi mbuzi kulikonse. Atatsika ndinakwerapo ine n'kuimbira bwana Faruki kuti masewero a Loweruka mwina sindiwapeza.

"Mupezeni kulikonse ali, madala. Lolemba ndikufuna yankho. Pali wina wa ku Blantyre akudikira malo omwewo."

Tinagona m'basi. Kutacha makaniko anafika pa njinga yamoto, atanyamula pampu ya basi ya mtundu wina. Anaiyerekeza, anaitembenuza, anati abwerere akatenge ina. Anthu analibenso mphamvu zotukwana. Ena anasonkha moto wa makungwa m'mbali mwa msewu. Ndinakhala pa chitsa ndi a Kumwenda, ndipo ndinaona kuti ndinene.

"A Kumwenda, ine ndikukaona chabe. Mwina ndikakana."

Anaseka mpaka kuvula magalasi.

"A Mbewe, munthu wamkulu ngati inu angagone m'tchire, kuzizidwa chonchi, kuti akangonena kuti ayi? Wofuna kukana amakanira pa foni. Kwathu munthu akanyamuka ulendo wotere, nkhani imakhala yatha kale."

Sankandinyengerera. Ankakhulupirira zimenezo ndi mtima wonse. Anavalanso magalasi n'kuyang'ana moto.

"Chaka chamawa ndikupuma ntchito. Nyumba ya ku 15 ndi ya boma, ndituluka. Sukulu ya mwanayu sindidziwa kuti ndidzaimaliza bwanji. Ndiye taonani nthawi imene khomo latsegukira."

 Mawu ndinali nawo, koma ndinali nditafunda bulangeti lawo.

Cha kumasana inaima lole ya matabwa. Dalaivala anati atenga anthu ochepa opanda katundu wambiri. A Kumwenda anakambirana naye m'Chitumbuka, n'kulipiranso. Mayi uja anatsala ndi mabelo ake, akutikuwira kuti tikauze a ku Mzuzu kuti kuno kwatsegulidwa msika. Tinakhala pamwamba pa matabwa aawisi, utomoni ukumata mathalauza, mphepo ikucheka makutu. Pa chitunda chilichonse lole inkayenda ngati ng'ombe yodwala.

Ku Mzuzu tinafika madzulo. Pa geti la koleji tinapeza mlonda yekha.

"Masewero anatha m'mawa. Ana apita kwawo. Wongani? Iii, lero anawathyola. Ena amakana kukamenya, akuti ali ndi mayeso chaka chamawa, sakufuna kufa."

Ndinapempha kuona mpira umene amasewerera. Anakautenga m'kachipinda kake. Unali wa tenisi, wokulungidwa tepi yofiira ya magetsi.

"Amaweruza ndani?"

"Mphunzitsi wa zamatabwa. Amangowerenga zigoli."

A Kumwenda sanadandaule n'komwe. Anati zili bwino, mwanayo tikamupeza kumudzi, kupitirira Rumphi, ndipo amayi ake andionenso. Tinagona ku Chibavi kwa mlongo wawo. Anandiphera nkhuku. Anandipatsa bedi la eni nyumba, iwo n'kugona pa mkeka pabalaza. M'mawa ndinapeza madzi osamba otentha ndi nsapato zanga zitapukutidwa. Chilichonse chimene ankandichitira chinkandilemera ngati thumba la simenti.

Lamulungu tinakwera minibasi ya ku Rumphi, anthu othinana mpaka kondakitala theka la thupi lili panja. Pa Ekwendeni tinadikira munthu amene anatsika kukagula mkate n'kusowa. Tisanafike pa mlatho wa Njakwa tayala linaphulika, ndipo lapadera linali lopanda mpweya. Tinalipopa mosinthana ndi pampu ya njinga. Kuchokera pa Rumphi tinakwera njinga zamoto, fumbi lokhalokha, kudutsa Bolero n'kukhotera kumapiri.

Nyimbo ndinaimva tisanaone nyumba. Anthu anali atangotuluka m'tchalitchi, ndipo m'malo mopita kwawo anabwera kumsewu. Amayi a yunifomu zoyera anatizungulira akuimba. Wina anandilanda chikwama. Wina anayala chitenje pansi kuti ndipondepo. Ndinachilambalala, anachikokeranso kutsogolo kwanga.

Pakhonde la nyumba panali sutikesi yomanga ndi chingwe, ndi matiresi opindidwa pamwamba pake.

Wongani anabwera kudzandipatsa moni atagwada. Ataimirira ndinachita kukweza mutu. Mapewa abwino, miyendo yaitali, zala zazitali. Thupi la woponya. Anali atameta kumene.

"Mwayenda bwanji, a kochi? Pepani ndi za m'Chikangawa."

Amayi ake, a NyaGondwe, anagwira dzanja langa osalisiya, akungoti yewo, yewo, kuthokoza m'Chitumbuka. Kuseri ndinamva fungo la nyama.

Ndinakokera a Kumwenda pambali.

"Ndimuone kaye tisanadye. Mipira ingapo chabe, kuseri kwa sukulu uko."

Anapita kukafunsa mkulu wa mpingo, bambo wa imvi wa jekete yakuda. Mkuluyo anabwera yekha kudzandiyankha, m'Chichewa chabwino.

"Bambo, lero ndi Sabata. Kuno pa Sabata mpira sugundidwa. Ngakhale ana amadziwa."

"Si masewero. Ndi ntchito."

"Ntchito ndiye siloledwa n'komwe. Mawa kuliko. Lero tidye, tithokoze."

Choncho mbuzi inayamba, kuona kunatsatira. Anandikhazika pa mpando wa ndalema pakati pa akuluakulu. Anandipatsa chiwindi ndi mpunga wodzaza mbale. Anayankhula mkulu wa mpingo. Anayankhula mphunzitsi wakale wa Wongani, amene anati ankadziwa kuyambira kale. Anayendetsa mbale kuti anthu aponyemo ya sopo ya mwana wopita kutauni, ndipo ndinaona agogo ena akumasula mfundo ya pa chitenje. Kenaka anaimirira a NyaGondwe, a Kumwenda akumasulira.

"Akuti mwanayu alibe bambo. Kuyambira lero bambo ake ndinu. Akalakwa mudzudzuleni, akadwala mutiuze. Akuti sadya therere."

Anthu anaseka. Anandipempherera ponditchula dzina. Nyama ija ndinkaitafuna ngati utuchi.

Anthu atayamba kubalalika, Wongani anadzakhala pansi pafupi ndi mpando wanga. Ndinamufunsa za sukulu.

"Ndinatsanzika kale, a kochi. Adada a Kumwenda ataimba Lachisanu kuti muli m'njira, ndinakauza aphunzitsi kuti sindibweranso. Ovolosi ndi zipangizo ndinamusiyira mnzanga."

"Unafulumira."

"Ndimafuna ndisakuchedwetseni."

Lolemba m'mawa tinapita pa bwalo la sukulu ya pulayimale. Ndinkayesa tikhala anthu ochepa. Mudzi wonse unabwera, ena ndi mipando. Ndinayeza kutalika ndi mapazi, ndinasesa miyala, ndinakhoma timitengo titatu ta bulugamu. Ndinamupatsa mpira wachikopa. Anautembenuza m'manja nthawi yaitali. Anati n'koyamba kuugwira watsopano.

Ndinavala magolovesi n'kunjuta patali ndithu kumbuyo kwa timitengo. Iye anabwerera m'mbuyo mpaka pafupi ndi mtengo wa mango. Anali atavala malaya a manja aatali, omanga mabatani mpaka pa dzanja.

Anathamanga bwino. Mpira woyamba sindinauone wonse. Unagunda pansi, unadzuka, unandimenya m'dzanja lamanja mpaka ndinaumva m'mano. Amayi analulutira. Ndinabwerera m'mbuyo mapazi angapo. Wachiwiri unathyola kamtengo ka pakati, chidutswa n'kukagwera kwa ana. Wina wotsatira unandipeza kunsonga kwa chala, ndipo ndinamva kunyowa m'golovesi. Sindinavule.

Mtima wanga unkafuna. Zaka zonsezi ndakhala ndikudikira mwana wa kuno kwathu woponya chonchi. Koma mpira unkatulukira kuseri kwa khutu lake, mochedwa, modzidzimutsa. Ndinaudziwa mtulukiro umenewo.

Ndinapempha anyamata awiri kuti agwire chiguduli kumbuyo kwa timitengo, ine n'kukaima chammbali.

"Pinda malaya."

Anandiyang'ana.

"Kukuzizira, a kochi."

"Pinda. Mpaka paphewa."

Anapinda pang'onopang'ono. Anathamanga, anaponya. Chigongono chinapinda ngati cha munthu wokhoma msomali, n'kuwongoka pomwe mpira unkachoka. Ndinati abwereze. Ndinasintha mbali. Ndinanjuta, ndinaimirira, ndinatikita m'maso. Ndinkafuna kuti cholakwa chikhale maso anga okalamba. Sichinali maso. Mwanayo ankagenda.

Anthu ankawomba m'manja mpira uliwonse. Ine ndinaima pamenepo n'kumaganiza zoipa. Oweruza athu ena saona, ena amaona n'kuyang'ana kumbali. Chaka chimodzi akhoza kudya za bwana Faruki, kutumiza kangachepe kwa amayi ake. Koma kunja amajambula mkono n'kuuonera pang'onopang'ono. Akamubweza kumeneko, adzabwera wopanda sukulu, wopanda timu, ndi dzina la wogenda. Dzina limenelo silichoka. Ndipo bwana sasunga m'sitolo woponya amene saponya.

Ndinayesa njira imodzi. Ndinang'amba nsungwi, n'kumumanga nayo mkono ndi kansalu kuti chigongono chisapinde.

"Ponya."

Mpira unanyamuka ngati waponyedwa ndi ine. Unagwa pakati, n'kugubuduzika cha kumbali. Ana anaseka, ankayesa ndi nthabwala. Anayesanso. Chimodzimodzi. Anayesa kachitatu mwaukali, nsungwi inathyoka, mpira n'kuwomba chiguduli ngati mfuti. Anthu analulutiranso.

Ndinamuitanira pakati pa bwalo, pamene panalibe wotimva. Ndinamasula kansalu kaja ndekha.

"Ukudziwa?"

Anayang'ana pansi.

"Mnzanga wina ananenapo. Ndinkati ndi nsanje."

"Nanga malaya a manja aatali?"

 Thukuta linkatsika m'khosi mwake.

"Zingakonzeke, a kochi?"

"Ena amakonza. Zimatenga nthawi, ndipo liwiro limathawa. Kwa ambiri silibwerera."

"Ndiye mukuti bwanji?"

"Ayi."

Anagwedeza mutu ngati ndamuuza za nyengo. Kenaka anayang'ana kumene kunakhala amayi ake.

"Muwauze ndinu. Ine sindingathe."

Ndinakodola a Kumwenda. Anabwera akumwetulira, akupukuta magalasi. Ndinawafotokozera mwachidule, ndikuwaonetsa ndi mkono wanga. Anamvetsa msanga. Ndi munthu wanzeru. Kumwetulira kunachoka pang'onopang'ono.

"Palibe cholakwika ndi maso anu?"

"Ndikanakonda."

Anayang'ana anthu, anayang'ana mwanayo. Anatsitsa mawu.

"Mutengeni basi, a Mbewe. Tikwere naye. Mukakanire ku Lilongwe. Akhala kwanga mwezi umodzi, kenaka tidzati nyengo sinamuyanje. Musatichititse manyazi pano. Anthu adya mbuzi. Agogo aja aponya m'mbale."

Inali njira yofewa, ndipo ndinaiganizira. Ndikanachoka m'mudzimo akundiimbira nyimbo.

"Akapita ku Lilongwe, malo ake ku koleji apatsa wina. Abwerere sabata ino akapepese kwa aphunzitsi, akatenge ovolosi yake. Mwezi wamawa kudzakhala kutatha."

"Chaka chatsalacho mulipira ndinu?"

Ndinayang'ana kumene kunaima Wongani.

"Ndinakufunditsani bulangeti langa, a Mbewe."

"Munandifunditsa."

Anavala magalasi aja. Kenaka anakonza tayi, anayenda yekha mpaka kutsogolo kwa anthu, n'kuyankhula m'Chitumbuka. Sanatalikitse. Sanandiloze ngakhale kamodzi. Atamaliza, anthu anayamba kubalalika. Amuna ananyamula mipando yawo. Amayi anakoka ana. Mkulu wa mpingo anandidutsa pafupi, n'kungoti, "Mukananena dzulo." Ndinafuna kumukumbutsa za Sabata. Ndinasiya.

A NyaGondwe sanalire. Anapita kunyumba, ananyamula matiresi n'kulowetsa. Anabweranso, anakoka sutikesi n'kulowetsa. Kenaka anatuluka ndi kathumba ka mtedza ndi mwendo wa mbuzi wowamba, wokulunga m'pepala. Ndinakana ndi manja onse. Anaika pa chikwama changa n'kunena mawu ochepa.

"Akuti mwachokera kutali," anatero Wongani. "Akutinso ndikuperekezeni."

A Kumwenda anati atsala masiku angapo. Anandipatsa dzanja limodzi, akuyang'ana kwina.

Wongani ananyamula chikwama changa mpaka kumsewu waukulu.  Pa mphambano panali kagolosale kotseka ndi benchi, ndipo tinakhala pamenepo kudikira njinga yamoto. Inadutsa ngolo. Inadutsa njinga yonyamula nkhumba. Netiweki inalipo, ndiye ndinaimbira bwana Faruki, mwanayo ali pambali panga.

"Ndamuona."

"Eya?"

"Ayi. Amagenda."

"Aa, zachisoni. Chabwino, ndimuimbira wa ku Blantyre uja. Mpirawo mubwere nawo, madala."

Foni inaduka. Wongani anamva zonse. Ankajambula pansi ndi kamtengo. Patapita nthawi tinamva kulira kwa njinga kumapiri, ndipo anaimirira n'kuikodola. Akumangirira chikwama changa kumbuyo, anafunsa osandiyang'ana.

"Koma liwiro lokhalo, a kochi. Linalipo?"

Ndinatulutsa dzanja lamanja m'thumba la jekete, mmene ndinalibisa chichokere pa bwalo. Chala chapakati chinali chitang'ambika kunsonga, chikhadabo chitadzuka, chotupa ngati chinangwa. Ndinamuonetsa.

"Chiyambire ntchito imeneyi, palibe anandichitapo izi."

Anachiyang'ana nthawi yaitali. Anafuna kumwetulira, koma sizinatheke.

Ndinakwera. Titayenda pang'ono ndinacheuka. Anali chiimire pakati pa msewu, m'fumbi lathu, akuzunguza mkono pang'onopang'ono, wowongoka, m'dzanja mulibe kanthu.